Ulendo wa ku Nyanja ndi Mbale ya Chambo

Loweruka m'mawa, dzuwa lisanakwere, msewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Salima umakhala utadzuka kale. Mumayenda magalimoto a mabanja, maminibasi obwerekedwa ndi makwaya a ku tchalitchi, ndiponso malole onyamula anyamata a mpira amene aganiza zokaiwalira kunyanja zigoli zimene anamwetsedwa sabata yatha. Ulendo wake ndi wa makilomita pafupifupi 100 kukafika pa boma la Salima, ndi ena okwana ngati 20 kukafika ku Senga Bay. Anthu a ku Blantyre ndi a ku Zomba amadzera ku Liwonde ndi ku Ulongwe, nalambalala nyanja ya Malombe mpaka kukafika ku Mangochi, pamene a ku Mzuzu amatsetsereka kupita ku Nkhata Bay kapena ku Chintheche. Onsewa akafunsidwa chimene akukachita, amayankha kuti akukapitidwa mphepo. Koma amene anayendapo ulendo wotere akudziwa kuti mphepoyo ndi dzina chabe. Chimene chiri m'mitima ya ambiri ndi mbale ya chambo.

Ulendowu umayamba Lachisanu madzulo, ndipo umayambira kukhitchini. Mayi wa pa nyumba amakazinga zitumbuwa, nawiritsa mazira, nathira thobwa m'chigubu. Ana amagona mochedwa koma amadzuka asanadzutsidwe, chinthu chimene sichichitika tsiku la sukulu. Pa njira ndalama zimayamba kuchoka pang'onopang'ono: apa chimanga chootcha, apo nthochi, ndipo m'miyezi ya chilimwe anyamata amaima m'mbali mwa msewu atakweza mbewa zopanidwa pa timitengo, zimene bambo amagula akuyang'ana kumbali ngati kuti akugulira munthu wina. Msewu ukatsika mapiri a ku Dowa mpweya umasintha. Kumayamba kutentha, milambe imayamba kuoneka, ndipo mwana woyamba kuona madzi amafuula ngati kuti nyanjayo waitulukira ndi iye.

Chizolowezi chimenechi si chakale monga momwe ena amaganizira. Njanji inafika ku Salima m'chaka cha 1935, ndipo mahotela oyamba a m'mphepete mwa nyanja, monga Grand Beach ku Senga Bay, anali malo opumulirako azungu a m'boma ndi a m'minda ya fodya ndi tiyi. Munthu wa ku Dedza kapena wa ku Mchinji ankaidziwa nyanja kudzera m'dengu la wamalonda wa pa njinga, amene ankabwera ndi nsomba zouma ndi zowamba. Chambo chachiwisi chinali chakudya cha eni nyanja. Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, ndipo misewu ya tara itafika m'maboma a kunyanja, anthu a pa ntchito a m'tauni anayamba kupita kukadzionera okha, natenga akazi ndi ana awo. Masiku ano, pa tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, mchenga wa ku Senga Bay ndi wa ku Mangochi suoneka chifukwa cha kuchuluka kwa anthu.

Kudya kwa kunyanja kuli pawiri. Kuli kwa ku hotela, kumene chambo chimabwera chitachotsedwa mutu ndi minga, chitagona pambali pa tchipisi ndi kagawo ka ndimu, ndipo munthu amadya ndi foloko ndi mpeni nalankhula motsitsa mawu. Kudya kumeneko kuli ndi ulemu wake, ndipo palibe cholakwa ngati banja limene lasunga ndalama kwa miyezi ingapo likakhala pa tebulo la nsalu yoyera kamodzi pa chaka. Koma kuli kudya kwina, kwa m'zisakasa za udzu ndi m'timalesitilanti ta pafupi ndi dooko, kumene nsomba imapalidwa ndi kutumbulidwa wogula akuona, ning'ambidwa kuti itambasuke, nithiridwa mchere, niikidwa m'mafuta otentha kapena pa makala. Imabwera yathunthu, ndi mutu womwe, pamodzi ndi mitanda ya nsima, msuzi wa matimati ndi anyezi, nkhwani wotendera ndi tsabola wa kambuzi. Ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay nsimayo ikhoza kukhala kondowole, amene mlendo womuona koyamba amalimbana naye ngati ulimbo, eni ake akubisa kuseka. Kwina kumakhala mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga, umene fungo lake limafika pa mphasa mbale isanafike.

Odziwa kudya chambo safulumira. Amayambira ku mchira, nasenda mnofu ndi zala kuti minga itsale yolumikizana ngati chipeso, nasunga mutu kuti ukhale wotsiriza. Mutuwo ndi wa akulu, ndipo munthu wa kunyanja akaona mlendo akubweza mbale mutu uli chikhalire, amadziwa kuti mlendoyo walipira nsomba yonse koma wadya theka lake lokha.

Chokoma china cha ulendowu sichiri m'mbale. M'mabanja ambiri a m'tauni bambo amafika pa nyumba ana atagona, nadya yekha nsima yovundikira. Ku mudzi, mwa chikhalidwe, amuna amadya paokha, akazi ndi ana paokha. Kunyanja kulibe chipinda china. Mphasa ndi imodzi, ndipo onse amakhala mozungulira, bambo nachotsera mwana wamng'ono minga, mayi nadya chakudya chimene sanaphike, popanda kudzuka kukapakulira wina. Kwa amayi ambiri limeneli ndi tsiku lokhalo pa chaka limene amadya nsima ikali yotentha. Ndalama za mafuta a galimoto zimabwerera pamenepo. N'chifukwa chake zimamvetsa chisoni kuona bambo amene amatsitsa banja lake pa mchenga, iye nalunjika kumalo omwera mowa pamodzi ndi anzake, nadzabwerako dzuwa litapendeka, maso atafiira, kudzawauza kuti akwere azipita. Banja lotero silinapite kunyanja ndi bambo wawo, linangopatsidwa matola. Ndipo ngozi zambiri za pa masiku a tchuthi, za m'madzi ndi za pa msewu, zimayambira pomwepo, pamene womwa waganiza zosambira kapena zoyendetsa, ndi pamene ana ali m'madzi popanda wamkulu wowayang'anira.

Pa mphasa zoterezi m'pamene pamamveka mawu amene ayenera kudetsa nkhawa aliyense wokonda maulendo amenewa. Kawirikawiri amachokera kwa agogo amene ana awo awatenga pa tsiku la Anakubala. Mbale ikafika, iwo amaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka nafunsa kuti, "Kodi mwanawe, chimenechi ndiye chambo chimene tayendera ulendo wonsewu?" Mwana wawo amayankha kuti, "Ndi chomwecho amayi, ndipo mtengo wake musaufunse." Agogowo sakunyoza chakudya chimene apatsidwa. Akukumbukira nthawi imene chambo chimodzi chinkadzaza mbale, mchira nkulendewera kunja, ndipo chinkakwanira bambo, mayi ndi ana awiri. Zidzukulu zawo zimayesa kuti ndi nthano za akuluakulu, monga za mikango imene inkayendayenda kuseri kwa nkhokwe. Koma pa nkhani imeneyi agogowo akunena zoona, ndipo chifukwa chake chimapezeka m'moyo wa nsombayo.

Dzina lakuti chambo limatchula mitundu itatu ya nsomba zapachibale zimene kwawo ndi nyanja ya Malawi, mtsinje wa Shire wa kumtunda ndi nyanja ya Malombe. Kuswana kwake n'kosiyana ndi kwa nsomba zimene zimangomwaza mazira m'madzi nkuchoka. Nthawi ikakwana, makamaka m'miyezi yotentha ndi kumayambiriro kwa mvula, chambo chachimuna chimakumba chisa pa mchenga wa pansi pa nyanja, chooneka ngati beseni lalikulu, nichilondera. Chachikazi chimaikira mazira mazana angapo chabe m'chisamo, nichiwatola ndi kuwasunga m'kamwa mwake. Kwa masabata angapo chimayenda nawo chosadya, mpaka ataswa. Kenaka chimapita kumadzi osaya, kumene kuli bango ndi udzu wa m'madzi, kukatulutsa tianato, ndipo tikaona choopsa timathawira m'kamwa mwa mayi wawo momwemo. Tiana timeneti tikakulako, asodzi amatitcha kasawala, ndipo pamapita zaka pafupifupi zitatu kuti tifike poswana.

Amene wamvetsa zimenezi saona chovuta kumvetsa chimene khoka limachita likakokedwa m'miyezi imeneyo. Limakwekwereza pansi nilifafaniza zisa, nilizula udzu umene tiana timabisalamo. Chambo chachikazi chimodzi chogwidwa mazira ali m'kamwa ndi nsomba mazana angapo zophedwa nthawi imodzi. Ndipo ngati khokalo liri la maso ang'onoang'ono, kapena lasokereredwa neti ya udzudzu imene inaperekedwa kuti iteteze ana ku malungo, silisiya kanthu m'mbuyo mwake.

Apaulendo a ku Blantyre amadutsa umboni wa zimenezi osadziwa. Nyanja ya Malombe, imene amaiona kudzanja lamanja akamayandikira Mangochi, ndi yosazama, ndipo inali nkhokwe ya chambo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, asodzi ankapha m'menemo matani masauzande angapo a chambo chaka chilichonse. Makoka a maso ang'onoang'ono, monga nkacha ndi khoka la kambuzi, atachuluka, panangopita zaka khumi kuti chiwerengerocho chitsike kufika pa matani mazana ochepa. M'chaka cha 1993 boma linayamba kugwira ntchito pamodzi ndi asodzi kudzera m'makomiti a m'madooko, ndipo m'chaka cha 1997 panakhazikitsidwa lamulo latsopano loteteza nsomba ndi kuyendetsa usodzi. Komabe chambo cha mu Malombe sichinabwerere monga kale. M'chaka cha 2018 bungwe la pa dziko lonse loona zachilengedwe la IUCN linaika chambo pa mndandanda wa zamoyo zimene ziri pafupi kutheratu.

Amene amati nyanja ndi yaikulu, nsomba sizingathe, akafunse okalamba a kunyanja za ntchila. M'zaka za m'ma 1950 ntchila inali imodzi mwa nsomba zophedwa kwambiri m'nyanja ya Malawi. Lero achinyamata ambiri a m'tauni sadziwa ngakhale maonekedwe ake. Ndipo pakamwa pofuna ndiwo pachuluka: kalembera wa m'chaka cha 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'dziko muno, pamene wa m'chaka cha 2018 anapeza oposa 17 miliyoni. Nyanja ndi yomwe ija.

N'kosavuta kuloza chala msodzi, ndipo anthu a m'tauni amachita zimenezo atakhuta. Koma msodzi ali ndi ana a sukulu, ali ndi ngongole ya ukonde ndi ya mafuta a injini, ndipo sakoka khoka usiku wonse chifukwa chodana ndi nsomba. Amakoka chifukwa m'mawa kudzabwera wogula. Chingwe cha khoka chiri ndi mbali ziwiri: mbali ina yagwidwa ndi anyamata a pa dooko, ndipo ina yagwidwa ndi munthu wovala bwino amene watsika m'galimoto ndi chikwama cha ndalama. Munthu ameneyo akagula mulu wa kasawala chifukwa chakuti ndi wotsika mtengo ndipo amakoma akakazingidwa mouma, wauza msodzi kuti mawa akakokenso pomwepo.

Malamulo alipo, ndipo ndi osavuta kuwasunga m'mutu. Pa nyanja ya Malawi makoka amaletsedwa m'miyezi ya Novembala ndi Disembala kuti chambo chiswane. Chambo chosakwana masentimita 15 sichiloledwa kuphedwa kapena kugulitsidwa. Wapaulendo sayenda ndi rula, koma ali ndi dzanja: dzanja la munthu wamkulu, kuyambira pa mfundo ya mkono mpaka kunsonga kwa chala chapakati, limapitirira pang'ono muyeso umenewo, kotero kuti nsomba yobisika m'dzanja ndi yoyenera kuisiya. Ngakhale chambo cha masentimita 15 chimakhala chisanaswepo. Lamulo linangoika malire a pansi penipeni. Alangizi a za usodzi ndi makomiti a m'madooko amalanda maukonde oletsedwa nawatentha, koma sangakhale pa dooko lirilonse m'bandakucha uliwonse. Wogula yekha ndi amene amapezeka paliponse pamene nsomba ikugulitsidwa.

Kuti nyanja imabwezera ikapatsidwa mpumulo, anthu a ku Salima sachita kuuzidwa ndi alendo. M'dera la mfumu Makanjira muli chilumba cha Mbenji, kumene kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu ndi anthu awo amatseka usodzi kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo. Nthawi imeneyo palibe wotsala pa chilumbacho. Chikatsegulidwa, pamakhala mwambo waukulu, ndipo asodzi amachokera kutali kudzadikira tsikulo, popeza akudziwa kuti utaka wa ku Mbenji ulipo. Mowa, njuga ndi chamba n'zoletsedwa pa chilumbacho, ndipo wolakwa amathamangitsidwa. Lamulo limenelo silinachokere ku likulu la boma. Analipanga ndi eni nyanja, nalisunga kwa zaka zoposa 60. Mabanja amene amadya pa mchenga wa ku Senga Bay ali m'boma lomwelo, ndipo ambiri a iwo sanamvepo za chilumbachi.

Zonsezi sizitanthauza kuti mabanja aleke kupita kunyanja, kapena kuti chambo chisanduke choletsedwa ngati nyama ya njovu. Anthu a m'mphepete mwa nyanja amadalira alendo amenewa: wokazinga nsomba, wogulitsa mphasa ndi zosema, mnyamata wa bwato ndi mayi wa nthochi, onse amadikira Loweruka. Chofunika n'chakuti wakudya adziwe chimene akudya. Chambo chachikulu chogulidwa pa nyengo yake, banja nkugawana, chiribe mlandu. M'miyezi yoswana, nyanja iri ndi ndiwo zina zimene anthu a m'tauni amazidutsa chifukwa chongotsata dzina. Kampango wowamba, wophikidwa ndi matimati mpaka msuzi utagwirana, sachepa pamaso pa chambo. Mcheni ndi batala ali ndi mafuta amene amapangitsa munthu kuitanitsa mtanda wina wa nsima. Usipa wauwisi, wongochoka m'chilimira m'mawa womwewo, uli ndi kukoma kumene munthu wozolowera usipa wouma wa pa msika sanakulawepo. Ndipo usipawo ndi umene tsopano umaphedwa kwambiri m'nyanjayi kuposa nsomba ina iriyonse, ndi umene umafika m'mbale za omvera a ku Chitipa, a ku Mwanza ndi a ku Nsanje amene mwina sadzapondako ku Senga Bay.

Palinso nsomba zoweta, za m'maiwe a alimi ndi za m'zikwere zoikidwa m'nyanja. Zambiri mwa izo ndi makumba, achibale a chambo, ndipo m'malesitilanti ambiri zimabwera pa tebulo zikutchedwa chambo. Palibe choipa m'makumba. Ndi ndiwo yabwino, ndipo iriyonse yodyedwa yapulumutsa inzake ya m'nyanja. Choipa n'chakuti wogulitsa abise dzina lake kuti akweze mtengo. Mayi amene afunsa kuti, "Achimwene, tanenani zoona, ndi ya m'nyanja kapena yoweta?" sakuchita mwano. Ndipo popeza wafunsa kale, angathe kutsegulanso pambali pa mutu, pamene nsomba imapumira, kuti aone ngati m'katimo muli mofiira, ndi kuyang'ana ngati maso ali owala, ndi kudinikiza mnofu kuti aone ngati ukubwerera. Nsomba imene yagona pa dzuwa la ku Mangochi kuyambira m'mawa ikhoza kusandutsa Lamulungu kukhala tsiku la ku chipatala.

Lamulungu masana mchenga umayamba kuonekanso. Mphasa zimakutumulidwa, zigubu zopanda kanthu zimabwerera m'galimoto, ndipo ana amagona asanafike n'komwe pa boma, tsitsi lawo liri ndi mchenga. Koma ulendo wa kunyanja suthera pamenepo, popeza kunyumba kwatsala anansi amene anasunga makiyi, ndi apongozi amene adzafunsa chimene awatengera. M'mbali mwa msewu anyamata amakweza nsomba zotungidwa pa mlaza, nathamangira galimoto lirilonse limene lachepetsa liwiro. Zogulidwazo zimamangidwa kunja, pa galasi loonera m'mbuyo, kuti mphepo izipita ndipo fungo lisalowe m'kati. Aliyense wokumana ndi galimoto lotero pa msewu wa ku Lilongwe kapena wa ku Zomba amadziwa kumene lachokera.

Pa malo otere galimoto lina limaima, mayi natsitsa galasi. Mnyamata woyamba amamuonetsa tinsomba tisanu ndi kamodzi pa mtengo wa chambo chimodzi. Mayiyo amatambasula dzanja lake pambali pa kamodzi, napukusa mutu. "Iyayi achimwene, tating'ono kwambiri timeneti." Amagula mcheni wowamba kwa mnzake wa mnyamatayo, ndi chambo chimodzi chachikulu cha apongozi, bambo akudandaula za mtengo uku akutulutsa ndalama. Galimoto limanyamuka. Mnyamata wa tinsomba uja saima nthawi yaitali. Kumbuyoko kukubwera galimoto lina, ndipo layamba kale kuchepetsa liwiro.